Malonjezo a Caka Catsopano: M'Kabwe, Januwale Ndi Mwezi Wobzala Kapinga

Usiku wa pa 31 Disembala machalichi a m'Kabwe amadzaza mpaka pakhomo. Ku Bwacha, ku Katondo, ku Makululu, anthu amacezera kupemphera kufikira pakati pa usiku, pamene ena amacezera m'mathaveni. Onsewa, opemphera ndi akumwa omwe, amalowa m'caka catsopano ndi mau ofanana pakamwa: caka cino ndileka. Wina akuti aleka mowa, wina fodya, wina kutenga kaloba, wina kukalipira ana. Mauwa amanenedwa ndi mtima wonse, nthawi zina ndi misozi yomwe. Koma pofika kumapeto kwa Febuluwale ambiri a iwo sakumbukikanso, ndipo cotsala ndi manyazi cabe.

Kufuna kusintha si cinthu coseka. Munthu amene waona kuti mowa ukumudyera malipiro ndi ciwindi waona zoona, ndipo ayenera kuthandizidwa. Bvuto lili pa njira imene anthu amagwiritsira nchito. Ku America, pa University of Scranton, akatswiri a za maganizo anatsatira anthu 200 amene anapanga malonjezo a caka catsopano, nafalitsa zimene anapeza kumapeto kwa zaka za m'ma 1980. Patapita mlungu umodzi, anthu 77 mwa 100 alionse anali akusungabe lonjezo lao. Patapita zaka ziwiri anatsala 19 cabe. Amenewo anali anthu a m'dziko lolemera, amene sadera nkhawa za mtengo wa thumba la ufa.

Mwambo wa malonjezo a pa 1 Januwale unacokera ku maiko ozizira, kumene mwezi umenewu minda imakhala itagona ndipo munthu amakhala m'nyumba n'kumasinkhasinkha. M'Zambia Januwale ndi mwezi wina kwambiri. Ndalama zimakhala zitathera ku Khrisimasi, cimanga ca caka catha catha m'nkhokwe, mtengo wa ufa wakwera, ndipo amene ali ndi munda akuthamangira kupalira ndi kufuna feteleza. Sukulu za boma zinakhala zaulere kuyambira mu 2022, komabe yunifomu, nsapato ndi mabuku sizigwa kumwamba. Malungo ndi matenda otsegula m'mimba amaculukanso nthawi yomweyi. Kuuza munthu kuti alimbane ndi cizolowezi ca zaka makumi awiri m'mwezi umene mutu wake uli wodzaza kale ndiko kumusenzetsa mtolo waciwiri asanatule woyamba.

Palinso cifukwa cina. Lonjezo la kuleka limasiya dzenje. Mwamuna amene amapita ku thaveni Lacisanu lililonse akaleka, Lacisanulo limakhalapobe, anzake alipobe, ndipo kunyumba kulibe cimene cikumudikira. Ku Sweden ofufuza anatsatira anthu 1,066 kwa caka cathunthu, nafalitsa zotsatira zake mu 2020. Mwa amene analonjeza kuyamba kucita cinthu, pafupifupi 59 mwa 100 alionse anati zinawayendera. Mwa amene analonjeza kuleka kapena kupewa cinthu, anali 47. Kusiyanako si kwakukulu koopsa, koma kumasonyeza kumene mphepo iombera: thupi la munthu limamva msanga likapatsidwa nchito kusiyana ndi likamangidwa.

Makolo akale sanali kudziwa za Sweden, koma anali kucita zomwezo. Caka anali kuciwerenga ndi mvula ndi zokolola, ndipo kukonzanso moyo kunali kwa manja. Denga linali kufoleredwa mvula isanagwe, nyumba inali kuzilidwa, nkhokwe yatsopano inali kumangidwa cimanga cisanaume. Nchito iliyonse inali ndi nyengo yake, inali kuoneka ndi maso ikatha, ndipo sinali ya munthu mmodzi. Palibe amene anali kuimirira pa bwalo n'kulumbira kuti caka cino nyumba yake sidzadontha. Anali kungomweta udzu.

Tsono funso loyenera pa banja la m'Kabwe m'malo mwa lakuti tileke ciani ndi lakuti: kodi ndi nchito iti imene nyengo ino ikulola, imene ingathe kumalizidwa, ndipo phindu lake lidzakhalapo ngakhale mtima utafooka mu Malichi? Kwa mabanja a m'makomboni ozungulira mgodi wakale yankho lili pansi pa mapazi ao.

Mwala wa mtobvu ndi zinki unapezeka pano mu 1902, malowa anachedwa Broken Hill, ndipo njanji inafika mu 1906. Mgodi ndi ng'anjo yake yosungunulira zinagwira nchito pafupifupi zaka 90 kufikira pamene ZCCM inatseka mu 1994. Pa zaka zonsezo utsi ndi fumbi la mtobvu, umene ambiri amauchula kuti ledi, zinali kugwera pa madenga, m'mabwalo ndi m'misewu. Mgodi unatsekedwa koma mulu wa zinyalala zake, umene anthu amati Black Mountain, unatsala. Mphepo ya nyengo yacilimwe imaombera kwambiri kucokera kum'mawa, conco Kasanda ndi Makululu, amene ali kumadzulo kwa mgodi, ndiwo amalandira fumbi loculuka. Chowa ili pafupi ndi mgodi mbali inayo, ndipo ngalande yocokera kumgodi imadutsa pakati pa nyumba za anthu. Mtobvu suola. Umene unagwa panthaka agogo ali anyamata ulipobe lero.

Mu 2012 akatswiri a pa University of Zambia ndi anzao a ku Hokkaido University ya ku Japan anapima magazi a ana 246 a ku Chowa, Kasanda ndi Makululu, ndipo zotsatira zake zinafalitsidwa mu 2015. Mtobvu m'magazi umayesedwa ndi mamaikulogalamu pa desilita imodzi ya magazi. Bungwe la za umoyo pa dziko lonse, la WHO, limati palibe muyeso umene unganenedwe kuti ndi wabwino, ndipo mwana akafika pa 5 ayenera kale kufufuziridwa kumene mtobvuwo ukucokera. Akafika pa 45 madokotala amayamba kuganiza za mankhwala. Pa ana 246 aja panalibe ngakhale mmodzi amene anali pansi pa 5. Ambiri anapitirira 65, ndipo mmodzi anapezeka ndi muyeso woposa 400.

Mwana satenga mtobvu cifukwa cakuti wapita kumgodi ai. Amautenga pabwalo la kwao. Amakwawa, amagwira dothi, amaika zala m'kamwa, amatola mango amene agwa pansi, amaumba magalimoto a dothi. Thupi la mwana wamng'ono limayamwa mtobvu umene wameza kuwirikiza kanai kapena kasanu kuposa la munthu wamkulu, cifukwa limauyesa kashiamu ndi ayironi zimene likufuna pomanga mafupa ndi magazi. Ukalowa umapita ku ubongo, ku ciwindi ndi ku impso, ndipo wotsala umabisala m'mafupa kwa zaka zambiri. Umacepetsa magazi, umacedwetsa kukula, umasokoneza kumva ndi kukumbukira. Ukaculuka kwambiri mwana amakomoka, ndipo angathe kufa. Cimene waononga mu ubongo sicibwereranso.

Coipa kwambiri n'cakuti nthawi zambiri mwanayo saoneka wodwala. Amasewera, amadya, amathamanga. Zizindikiro zikabwera zimafanana ndi za matenda ena: kupweteka m'mimba, kudzimbidwa, kusafuna kudya, kulira-lira. Zina zimadzaonekera ku sukulu, mwana atafika giredi 3 koma osatha kuwerenga, osakhazikika pampando. Pamenepo aphunzitsi amati ndi waulesi, atate ake amati watengera kucimuna kapena kucikazi, ndipo pena amanamiziridwa agogo osalakwa kuti amulodza. Mwana amakwapulidwa cifukwa ca fumbi limene anameza ali ndi zaka ziwiri.

Apa ndipo nkhani ya bwalo imabwera, ndipo ndi nkhani yobvuta kuinena cifukwa imakhudza ulemu wa amai. Mtsikana aliyense amaphunzitsidwa kuti nyumba ya mkazi waukhondo imadziwika ndi bwalo losesedwa. Alangizi amaphunzitsa conco, apongozi amayang'ana conco. M'mamawa, dzuwa lisanatuluke, m'komboni monse mumamveka kusesa, ndipo udzu uliwonse umene wamera pabwalo umazulidwa kuti pakhale poyera mbee. Kumudzi ku Petauke kapena ku Katete mwambo umenewu ndi wabwino ndithu. Ku Kasanda ndi ku Makululu kusesa pouma kumadzutsa fumbi la mtobvu, kuliulutsa m'mwamba, n'kulilowetsa pa zenera, m'mbale ndi m'mphuno mwa khanda lili kumsana kwa wosesayo. Mai amene amalimbikira kwambiri ukhondo wa mtundu umenewu angakhale ndiye akuonjezera fumbi m'nyumba mwake, iye osadziwa. Palibe amene ayenera kumudzudzula. Anacita zimene anaphunzitsidwa, ndipo amene anadziwa za mtobvu sanamuuze msanga.

Nthaka yophimbidwa siuluka. Ici ndico cifukwa cake Januwale, mwezi woipa pa malonjezo, ndi mwezi wabwino koposa pa nchito imeneyi. Kapinga wobzalidwa mvula ikugwa amagwira wokha popanda kumuthirira, ndipo sagulidwa: mizu yake imapemphedwa kwa mnansi kapena kwa wacibale amene ali naye. Wobzala akumbe timizere tosazama dothi lili lonyowa, pakuti dothi lonyowa silitulutsa fumbi, ayale mizu motalikirana pang'ono, akwirire, apondereze ndi phazi. Poyamba pasankhidwe pamene ana amakonda kusewera ndi pamene banja limakhala podya, ngakhale pakhale pang'ono ngati mphasa ziwiri. Pamene udzu sungamere, monga pakhomo peni-peni ndi panjira yopita ku cimbudzi, payalidwe njerwa, miyala kapena simenti ngati ilipo. Mcenga, miyala ndi dothi lodzazira pabwalo zisatengedwe ku mulu wa kumgodi, ngakhale zitakhala zochipa motani, cifukwa kutero ndiko kusamutsira mgodi pakhomo. Mpanda wa maluwa kapena timitengo kumbali ya msewu umacepetsako fumbi la magalimoto.

Anthu ali ndi zifukwa zokanira, ndipo zina n'zomveka. Akuti udzu umaitana njoka ndi udzudzu. Udzu wautali ungabise njoka, koma kapinga wodulidwa kawiri-kawiri ndi cikwakwa sabisa kanthu, ndipo udzudzu wa malungo umaswana m'madzi oima, osati m'kapinga. Akuti m'cilimwe adzauma cifukwa madzi ndi ogula. Zoona, adzafota, koma mizu yake imagwirabe dothi, madzi otsukira mbale ndi osambira amamukwanira kuti asafe, ndipo mvula ikabwera amaphukanso. Cifukwa colemera kwambiri ndi ca ocita lendi: munthu angabzalirenji pabwalo la mwininyumba amene angamucotse mwezi wamawa? Yankho lake silokoma koma ndi loona. Zaka zimene mtobvu umaononga kwambiri ndi zoyambirira za moyo wa mwana, ndipo mwana wa miyezi khumi sadikira kuti atate ake agule pulote.

M'kati mwa nyumba lamulo ndi lomwelo: conyowa m'malo mwa couma. Pansi pakolopedwe ndi nsanza yonyowa, mawindo ndi matebulo apukutidwe, ndipo madzi ake atayidwe m'dzenje, osati pamene ana amasewera. Ngati bwalo liyenera kusesedwa, liwazidwe madzi coyamba ndipo khanda likhale kutali. Nsapato zitsale pakhomo. Khanda lokwawa liikidwe pa mphasa kapena pa citenje coyera. Ndipo manja a ana asambitsidwe ndi sopo asanadye ciliconse, ngakhale citumbuwa ca pamsewu, pamodzi ndi kuwenga zikhadabo zimene zimasunga dothi. Cigubu cobooledwa copacikidwa pafupi ndi khomo, ndi kasopo komangirira pa cingwe, cimakumbutsa bwino kuposa kukalipa kwa amai.

Kusamba m'manja kumeneku kumapha mbalame ziwiri m'nyengo ya mvula. Mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2023 unapha anthu oposa 700 m'Zambia, unacititsa kuti bwalo la National Heroes Stadium ku Lusaka lisanduke cipatala, ndipo sukulu zimene zinayenera kutsegulidwa mu Januwale 2024 zinatsegulidwa mu Febuluwale. Koma pali cinthu cimodzi cosayenera kusokoneza. Kuwiritsa madzi kapena kuthiramo klorini kumapha tizilombo ta kolera, koma sikucotsa mtobvu. Conco madzi a m'ngalande yocokera kumgodi ndi a m'zithaphwi zimene zimatsala ikasefukira si osewereramo ana, si othiririra ndiwo, ndipo matope amene madziwo asiya pabwalo akokoledwe akali onyowa.

Lonjezo lina limene limamveka caka ciliconse ndi lakuti banja lidzayamba kudya bwino, ndipo limafa msanga cifukwa anthu amaganiza za nyama ndi soseji. Pa nkhani ya mtobvu cofunika coyamba n'cakuti mwana asayambe tsiku m'mimba muli mwayi, pakuti m'mimba mopanda kanthu mtobvu umayamwidwa kwambiri. Phala la m'mawa lothira nsinjiro, mwana asanatuluke panja, ndi citetezo kale. Kapenta wodyedwa ndi minga yake yomwe ali ndi kashiamu. Nyemba, bondwe, ciwawa, kalembula ndi kaciwindi ka nkhuku pamene kapezeka zimapatsa ayironi. Mango, amene ali mbwee m'nyengo ino, magwafa ndi mandimu zimathandiza thupi kuyamwa ayironiyo, pamene tiyi womwera pa cakudya amaitsekereza. Thupi limene lakhuta kashiamu ndi ayironi silikhala ndi njala yotola mtobvu. Cakudya sicicotsa mtobvu umene walowa kale, koma cimacepetsa wolowa mawa.

Amene amalima dimba la ndiwo pakhomo, ndipo ndi ambiri kuyambira pamene nchito za kumgodi ndi za ku Mulungushi Textiles zinasowa, angacite bwino kubzala m'masaka kapena m'mabedi okwezeka odzazidwa ndi dothi locokera kutali ndi mgodi, losakaniza ndi manyowa. Ndiwo zamasamba zitsukidwe bwino m'madzi oyera, kaya ndi za pakhomo kaya za kumsika, cifukwa fumbi limamatirira pa masamba.

Mai woyembekezera ali ndi nkhani yakeyake. Mtobvu umene anameza ali kamtsikana umakhala m'mafupa ake, ndipo pa nthawi ya pakati thupi likamatenga kashiamu m'mafupa kuti limange mwana, mtobvu umatuluka nawo n'kufika kwa mwanayo. Ungacititse padera, kubereka mwana masiku asanakwane, kapena kukweza BP. Ndiye pali cilakolako ca kudya dothi, cimene amai ambiri apakati amacidziwa ndipo sacita naco manyazi pakati pa anzao. Kwina kulikonse dothi limabweretsa njoka za m'mimba. M'Kabwe lingabweretse zoposa pamenepo. Kuuza mai wotere kuti angoleka sikuthandiza kwenikweni, pakuti cilakolakoco nthawi zambiri cimayendera limodzi ndi kucepa kwa magazi. Cothandiza ndi kuyamba sikelo ya amai apakati msanga, kuuza anamwino poyera za dothilo, ndi kumwa mapiritsi oonjezera magazi tsiku lililonse monga ananenera.

Nanga abambo, amene ndiwo eni ake a lonjezo la mowa? Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma kacasu sanathe ndipo ludzu silinathe. Bambo amene afunadi kucepetsa mowa angayambe ndi kupatsa ndalama nchito isanafike m'thumba la buluku. Tsiku lolandira, asanakumane ndi anzake, agule sopo, kapenta ndi thumba limodzi la simenti la pakhomo. Loweruka m'mawa agwire khasu pa kapinga uja pamodzi ndi ana. Zimenezi sizicilitsa cidakwa ceni-ceni, amene afunika thandizo la kucipatala, ndipo amene amanjenjemera akapanda kumwa asaleke mwadzidzidzi popanda kuonana ndi dokotala. Koma kwa ambiri amene amamwa cifukwa ndalama ili m'thumba ndipo tsiku lilibe cocita, botolo lililonse limene lasanduka njerwa ndi lopambana.

Palinso abambo ndi anyamata amene amapeza cakudya ca banja mwa kukumba ndi kutola miyala pa mulu wa kumgodi. N'capafupi kuwauza kuti aleke, koma wowauzayo sawapatsa ufa. Cimene angathe kucita lero ndi kusalowa m'nyumba ndi zobvala za kunchito, kusamba asananyamule mwana, kucapa zobvalazo pazokha, kusaphwanyira miyala pakhomo, ndi kusatenga ana kumuluko. Mtobvu suwasiyanso akulu: umakweza BP, umaononga impso, umacepetsa mphamvu ya kubereka.

Nchito imene ili ndi tsiku imacitika kusiyana ndi imene ili ndi colinga cabe. Pa kalendala ya pacipupa, imene masitolo ndi machalichi amagawa mwezi uno, banja lilembe tsiku limodzi lopita ndi ana aang'ono ku kiliniki, khadi la sikelo lili m'manja, kukafunsa za kupima mtobvu m'magazi. Kupima magazi ndiyo njira yokha yodziwira. Ngati pa kiliniki yapafupi zipangizo palibe tsiku limenelo, kholo lifunse kumene lingapite ndi tsiku lobwerera, ndipo libwereredi. Mwana amene wapezeka ndi muyeso waukulu amapatsidwa mankhwala amene amagwira mtobvu m'magazi kuti utuluke ndi mkodzo. Mankhwalawo amapulumutsa moyo, koma mwana akabwerera pa bwalo la fumbi lomwe lija muyeso umakweranso. Cipatala ndi kapinga ziyenera kuyendera pamodzi. Pa ulendo womwewo atate ndi amai angapimitse BP yao, nchito ya mphindi zocepa imene ambiri amailonjeza caka ndi caka.

Fumbi silidziwa malire a pulote. Banja limodzi lingaphimbe bwalo lake lonse, koma ngati anansi anai akusesa pouma m'mawa uliwonse, phindu limacepa. Mutu umodzi susenza denga. Amai a m'makomboni amadziwa kale kuyendetsa cilimba, pamene aliyense amaponya ndalama ndipo mmodzi amatenga mwezi wake. Cilimba ca nchito cingayende cimodzimodzi: nyumba zisanu kapena zisanu ndi imodzi, Loweruka lililonse onse pabwalo la mmodzi, kufikira onse atazungulira mvula isanathe. Magulu a amai a m'machalichi, amene amayendera odwala ndi kuphika pa maliro, angathe kuonjezera bwalo la chalichi ndi la sukulu ya ana aang'ono pa nchito zao. Munthu amene walonjeza yekha mumtima amadzikhululukira yekha. Amene anansi akumudikira ndi makasu pa geti amadzuka.

Pakhale cilungamo pa mfundo imodzi. Amai a ku Makululu sindiwo anaunjika mulu uja, ndipo sangaucotse ndi nsanza yokolopera. Zonse zanenedwa pamwambazi zimacepetsa ngozi, sizithetsa. Nchito yaikulu, ya kuphimba kapena kucotsa zinyalala za mgodi, kukonza ngalande ndi kuika tara m'misewu ya fumbi, ndi ya boma ndi makampani. Banki Yaikulu ya Dziko Lonse inapereka ndalama za nchito yokonza malo oonongedwa ndi migodi mu 2003, ndiponso mu 2016 inabvomereza ngongole ina ya madola 65.6 miliyoni, imene mbali yake inapita ku kupima ndi kucilitsa ana a m'Kabwe. Ana ambiri anathandizidwa, koma gwero la fumbi silinatsekedwe, monga bungwe la Human Rights Watch linalembera mu 2019 ndi mu 2025. Mu 2020 maloya anasumira kampani ya Anglo American South Africa ku khoti la ku Johannesburg m'malo mwa ana ndi amai a m'Kabwe okwana pafupifupi 140,000. Kampaniyo imakana mlandu. Mu Disembala 2023 khotilo linakana kuti mlanduwo uyende monga wa gulu, ndipo odandaula anacita apilo. Milandu yotere imatenga zaka, ndipo mwana amene anali kukwawa pamene unayamba ali kale ku sukulu.

Conco pa kalendala ija palembedwenso tsiku lina, la msonkhano wa komiti ya citukuko ya m'wadi. Mu 2022 ndalama za CDF zinakwezedwa kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera lililonse la phungu wa ku Nyumba ya Malamulo, ndipo zopempha zimayambira m'mawadi. Makolo khumi amene afika pamodzi ndi pempho limodzi lolembedwa, lakuti bwalo la sukulu yakuti liphimbidwe kapena msewu wakuti ukonzedwe, amamveka kuposa zikwi zodandaula m'minibasi. Khansala amene wafunsidwa funso lomwelo pa msonkhano uliwonse amayamba kulikumbukira.

Okhala kutali ndi mgodi, kumene mtobvu ndi wocepa, angatenge njira yomweyi pa mabvuto ao: neti yopacikidwa pa bedi la mwana aliyense, dzenje la zinyalala lokumbidwa, cibvundikiro pa cimbudzi, tsiku lokapimitsa magazi mwamuna ndi mkazi pamodzi.

Ubwino wa nchito zoterezi n'ngwakuti sizisweka monga lonjezo. Amene analumbira kuti sadzakhudzanso botolo akamwa kamodzi pa ukwati amati zonse zatha, nabwerera kumene anali. Banja limene laphonya Loweruka limodzi cifukwa ca maliro limapeza kapinga wa mlungu watha akumerabe, ndipo limapitiriza pamene linalekezera. Cosadikira ndi mvula yokha. M'Kabwe imayamba kucepa mu Malichi, ndipo kapinga amafuna milungu ingapo ya cinyezi kuti mizu igwire. Wobzalidwa mu Januwale ndi mu Febuluwale adzakhala atayanga pamene mphepo ya Ogasiti idzayamba kunyamula fumbi la kumgodi.